Chiguduli m'Khosi

Inatuluka m'garaja Lachinayi,
gasiketi yatsopano, boneti yopukutidwa,
lisiti nditalipinda kanayi m'chikwama.
A Yotamu anapukutira manja pa ovolosi nati,
"Mayi, iyi ikafika ku Chipata osapumira."

Siinafike ndi ku Chelstone komwe.

Pa Munali, pamene msewu umangodzuka pang'ono,
ndinaponda moto mpaka phazi kugunda pansi.
Injini inabuula, liwiro osabwera.
Kumbuyo utsi bii, ngati wina akuwotcha matayala.
Minibasi yodzaza thothotho inandidutsa,
kondakitala atatulutsa mutu pawindo:
"Gulitsani chimenecho mugule njinga!"

Galimoto iyi bambo anga ankakwera nayo mapiri a ku Luangwa
itasenza matumba a chimanga, mbuzi ziwiri ndi ife tonse.
Lero ikugonja pa kamtunda
kamene ana a sukulu amakwera akuthamanga.

Ndinabwerera ku Kalingalinga.

Anati ndi sefa ya dizilo. Tinasintha.
Anati kapena munaimwetsa mafuta a m'zigubu,
tinakhuthulira thanki yonse m'mabeseni,
dizilo ali mbee, wopanda dontho la madzi.
Lolemba mlandu unagwera pampu.
Mnyamata anatumidwa m'tauni kukasaka yakale,
anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula ya galimoto ina.
Wowotcherera zitseko pafupi anabwera kudzaona,
wogulitsa chimanga chootcha nayenso anaponyapo lake:
"Zikakalamba zimatero, ngakhale anthu."
Mitu isanu pansi pa boneti imodzi,
aliyense ndi matenda ake,
ndalama zikutuluka mwa ine ndekha.

Pakona panali Nyuma,
mtsikana wophunzira ntchito,
amene sabata yonse ankangotsuka mabawuti m'chitini.
Palibe anamufunsa.
Anadikira amuna apite kukadya,
nati, "Tailizani, muponde pang'ono."
Ndinaliza. Anaika chikhatho pa paipi yaikulu ya mpweya.
"Pondaninso."
Paipi inaphwa, kulowa m'kati
ngati tsaya la mwana woyamwa mango.

Ndinaliona kale tsaya lotere.
Wodi ya pamwamba, bedi la pawindo,
bambo akukoka mpweya umene sunkafika,
ife tikukangana pakhonde za mankhwala oti tigule.

Nyuma anamasula chomangira ndi sikuludiraiva yothyoka chigwiriro,
analowetsa dzanja mpaka m'chigongono,
nkhope atayang'ana kumwamba ngati akusaka ndalama pansi pa bedi.
Chinatuluka pang'onopang'ono:
mkono wa malaya, wakuda ndi oyilo,
batani limodzi likadali pomwepo.

A Yotamu anafika akutokosa m'mano.
Anayang'ana chiguduli, anayang'ana mtsikana,
kenako pansi.
"Ndinatsekera fumbi," anatero, mawu ali m'munsi.
"Tsiku lija tinatsegula injini kunali mphepo.
Ogasiti uyu."
Malayawo anali awo.
Anachiikamo poiteteza, n'kuiwala.

Ndinafuna kukalipa, mawu ndinali nditawakonza kale,
za pampu, za sefa, za masiku asanu ndi anayi oyenda pansi.
Koma Nyuma anali atamanga kale paipi,
ndipo injini itakoka mpweya wake woyamba
malata a garaja ananjenjemera,
galu wogona pansi pa thiraki anadzuka n'kuthawa.

Ndalama ya pampu sanabweze.
Anati tidzakambirana, ndipo tikukambiranabe.
Nyuma ndinamupatsa ya basi ndi nambala yanga,
iye anabwerera ku chitini chake cha mabawuti.

Madzulo ano ndakwera Munali pa giya yachinayi,
mawindo onse otsegula, fumbi likulowa mmene lifunira.
Chiguduli chili pa mpando wa pambali panga,
pamene bambo ankaika chipewa.
Sindikudziwa chifukwa chake sindinachitaye.
Pa maloboti a Chelstone ndinazimitsa wailesi
kuti ndingomva ikupuma.