Manambala Asanu ndi Imodzi

Kuno ku Cebu ndi pakati pa usiku,
ku Aberdeen dzuwa langolowa kumene.
Ndili pansanjika yachisanu ndi chiwiri, desiki ya kukona,
khofi wazizira,
ndipo pakompyuta mizere ikutsika ngati linthumbu:
uyu wagula nsapato, uyu walipira magetsi,
wina wayesa khadi limodzi kasanu
ndi tindalama tochepa,
monga wakuba agwedeza kaye chitseko asanathyole.
Ameneyo ndamutsekera kunja.
Nkhope yake sindiidziwa.

Kenako foni.
Akuti ndi Mayi Elspeth Mair,
akulipira mwala wa pamanda, mapaundi zikwi ziwiri,
koma makina akuwafunsa manambala asanu ndi imodzi
amene sanawalandire.

Ndayang'ana. Tinatumiza ndithu,
ku foni yothera ndi 208.

Imeneyo ndi ya Alasdair, akutero.
Ili m'kabati pamodzi ndi magalasi ake.
Kampani inaidula mu Epulo.
Zamabanki zonse ankayendetsa ndi iye,
ine ndinkangosaina.

Pepani, mayi. Ndikufunseni mafunso pang'ono.
Tsiku lobadwa akhoza.
Adiresi akhoza,
koma zimenezi aliyense angatole m'bini.
Dzina la galu wanu woyamba?
Chete wautali, ndikumva wotchi ya kukhoma kwawo
kudutsa nyanja zonsezi.
Bramble, akutero.
Makina akana.
Kapena analemba galu wa ubwana wake,
uja anagundidwa ndi lole ya mkaka,
ankamutchula akamwa pang'ono,
dikirani, lili pamlomo pomwepa.

Ndadikira. Dzina silinabwere.

Sabata yatha kunaimbanso mawu ena,
onjenjemera chimodzimodzi,
a mayi wofedwa mwamuna,
mphuno ikufwenthera pakati pa mawu.
Ndinawakhulupirira.
Pofika m'mawa ndalama za mphunzitsi wina wopuma ntchito
zinali zitasanduka matikiti a ndege
ndi mafoni anayi.
Bwana Dioscoro anandimvetsera tepi ija kawiri
osanena kanthu,
ndinadzimva ndekha ndikunena kuti musalire, mayi,
ndikuthandizani.

Misozi ilibe chidindo.
Khutu langa ndalisula zaka zitatu
koma silitha kusiyanitsa maliro enieni ndi obwereka.

Mayi Mair, khadi lanu ndaliimitsa kaye.
Mawa banki ikatsegula
mupite ndi pasipoti, akakuoneni ndi maso,
akafufute nambala ijayi
n'kulembapo yanu.

Akafufute, abwereza motsitsa mawu.
Kenako: zikomo mwanawe, wagwira ntchito yako.

A sabata yatha aja nawonso anathokoza.

Kwacha. Ndatsika, ndagula buledi wotentha pangodya,
ndaima podikira galimoto ya ku Talisay.
M'thumba foni yanga yanjenjemera,
ndi uthenga wa banki yanga:
musauze munthu aliyense manambala anu achinsinsi,
ngakhale atanena kuti ndi ife.
Ndayesa kukumbukira galu amene ndinalemba ine.
Tinali ndi awiri.