Mtsinje Wosowa pa Mapu

Sungeni wabwera ndi ntchito ya kusukulu:
jambulani Shire, lembani matauni ake.
Wayala kope pansi, lilime lili panja,
pensulo ikutsika kuchokera ku Mangochi,
yapuma pa Liwonde, yadumpha mathithi,
Chikwawa, Nchalo, Nsanje,
pepala latha madzi asanafike ku Zambezi.

"Nanga ife tili pati, ababa?"

Ndaloza kumanja kwa mzerewo,
poyera, pomwe chala chake chasiya mafuta a chitumbuwa.
Shire satidziwa ife, mwanangu.
Timachita kumubwereka.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuwerenga mamita a madzi,
agalu a ku Nyambadwe amandidziwa ndi nsapato,
ndiye ndikukuuza:
makina amamukankha chitunda m'mapaipi
usiku ndi usana, iye asakufuna,
ndipo magetsi akathima
mpopi wathu umangotsokomola.

Wathuwathu ndi Mudi.
Amabadwa kuseri kwa nyumba zino, m'phiri la Ndirande,
momwe munali mitengo ine ndili ngati iwe.
Akamatsika amakhala mwana,
ukhoza kuona mwala pansi pake.
Ku Makata amamuveka malaya:
lero thovu loyera, mawa utoto wa buluu,
tsiku lina mtundu wopanda dzina.
Kuseri kwa msika amasenza majumbo,
makoko a nthochi, patapata wa mwendo umodzi,
anyamata akutsuka minibasi m'mbali mwake,
amayi a Esinta akukumba mchenga ndi fosholo yothyoka.
Anthu pamlatho amagwira mphuno
ngati si awo.

Mvula ya Malichi ikakwiya, amakumbuka kuti ndi mtsinje.
Chaka china anatenga benchi ya kalipentala Mandawala
ndi zitseko zitatu zosalipiridwa.

Akadutsa Manase sindimutsatanso.
Amati amatsetsereka m'zigwembe, osalankhula ndi munthu,
kukabweza kwa Shire zomwe tinabwereka,
ngongole yobwezedwa ndi ndalama zakuda.
Kumunsiko wina amatunga.
Wina amasambitsa khanda.
Mita yake ndani amawerenga?

Sungeni wasongola pensulo ndi lezala,
wakoka kamzere kopyapyala ngati ulusi
kuchokera pa dontho la mafuta lija
mpaka kukhudza mtsinje waukulu.

Lachinayi kope labwerako.
Aphunzitsi achonga Mangochi, achonga Nsanje,
koma pa kamzere kathu
alemba ndi inki yofiira: "Ichi n'chiyani?"

Aphunzitsiwo amakhala ku Sunnyside.
Amawoloka mlathowo kawiri patsiku.