Mtanda wofiira ku Masasa

Andipatsa chitini cha penti wofiira,
burashi yothothoka ubweya
ndi mndandanda wa nyumba makumi anayi ndi ziwiri.
A Chavula a ku ofesi ya mapulani anati,
"Iwe ukangolemba mtanda pakhoma,
zoyankhula utisiyire ife."
Koma iwo atsala ku khonsolo, pa msonkhano wa zanyengo,
pomwe pali madzi a m'mabotolo ndi maenvulopu.
Kuno kuli ine, magambuti, ndi agalu a eni.

Mvula ya ku Mzuzu tinkaidziwa ife.
Inali yowaza, yaulemu,
yotsika ndi nkhungu kuchokera ku Kaning'ina,
yonyowetsa juzi, osati yogwetsa khoma.
Ya masiku ano imafika ngati mwini ngongole,
usiku, osaodira.
Chaka chatha inagwa masiku anayi
mpaka phiri linatopa kunyamula anthu.

Nyumba yoyamba, palibe munthu. Mtanda.
Yachiwiri, mwana akufunsa ngati ndine wa katemera.
Yachisanu ndi chinayi, bambo wa ndevu zaimvi
waimirira pakhomo, chikwanje chili m'manja
(ankasadza nkhuni, ndikudziuza ndekha).
"Tilute nkhu?" akutero.
Ndikuti akuti cha ku Dunduzu kudulidwa mapuloti.
"Kuli mpopi? Kuli sukulu?
Nanga usipa wangawu ndizikagulitsa kwa anyani?"
Mayankho ali m'fayilo, fayilo ili m'kabati,
makiyi a kabati ali ku msonkhano.

Sindinena kuti khonsolo yagona, ayi.
Ngalande ya ku Chibavi tinaifukula ndi manja athu,
tinavuula majumbo, matewera, nsapato ya kumanzere,
ndi mphaka.
M'mbali mwa Lunyangwa tinadzala mbande zikwi ziwiri,
khansala atavala chipewa chobiriwira, akujambulitsa.
Mbuzi zinadya gawo lake, ofukula mchenga anaponda lawo.
Zatsala mwina mazana atatu.
Ndimaziwerenga ndikamapita ku ntchito,
zina zafika kale m'chiuno mwanga.

Nambala makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.
Sindinafune kuyang'ana papepala.
Njerwa izi ndinaumba ndine, ndili Fomu Thu,
dothi ndinakumba kunsi kwa khonde lomweli,
uvuni tinawotcha ndi mitengo ya m'nkhalango ija
imene lero tikuilira pa wailesi.
Dzenje lidakalipo. Muli achule.
Mng'alu wayenda kuchokera pawindo mpaka pansi
ngati njira ya chiswe.

Azakhali anga, NyaHarawa, akutuluka ndi beseni.
Akuyang'ana chitini. Akuyang'ana ine.
"Vitumbiko, wanenepa. Khonsolo ikukudyetsa."
Andiikira mpando, andipatsa nthochi ziwiri,
ndipo tikukamba za mtengo wa feteleza,
za m'busa watsopano, za bondo lawo,
zonse kupatula khoma lili kumsana kwathu.

Kenako akuti, "Dzuka, dzuwa likupita.
Ulembe mowongoka.
Anthu asamati mwana wa mlongo wanga sadziwa ntchito."

Dzanja langa likunjenjemera.
Mzere woyamba ukudontha, wachiwiri wapendekeka.
Iwo aima kumbuyo, manja m'chiuno.
"Usiku uja," akutero, "khoma la a Msowoya litagwa,
ndinamva mwana akuitana kawiri.
Kachitatu sindinamve.
Ndisamuka, usadandaule.
Koma ukawauze a mapulani akowo
abwere okha adzandionetse pomwe ndikakhome chikhomo,
asanditumizire mwana ndi burashi."

Apempha penti wotsala wa chitseko.
Akuti chitseko chokha adzanyamula,
ndi malata, ndi mtengo wa mapeyala ukadatheka.
Ndawathirira pang'ono m'kabotolo,
ndikalemba kuti anatayika.

Zatsala nyumba khumi ndi zisanu.
Cha ku Nkhata Bay kwada bii,
azimayi akuanula zovala mothamanga.
Penti walowa m'zikhadabo,
sopo wa ku khonsolo sachotsa.