Mabotolo a Eleodoro

Eleodoro sankataya botolo la jamu.
Ankalinyika m'madzi otentha usiku wonse,
m'mawa n'kumatula pepala ndi chikhadabo,
akuimba likhweru, maso kudoko la Valparaíso.

Ndinkamukalipira: "Khitchini yanga waisandutsa dzala!"
Iye n'kuseka: "Dikira, Herminia, mwezi ndi wautali."

Lero penshoni imatha mwezi uli pakati.
Makoko a mandimu ndimawaviika mu viniga,
ndiwo amachotsa mafuta pa sitovu.
Zigoba za mazira ndimasinja
n'kuwaza pa tomato wa m'chitini cha nsomba
kuti nkhono zisayandikire.
Buledi wa dzana, wouma ngati thabwa,
amagona mumkaka,
Lamulungu adzukulu amamutcha keke.
Thumba la ufa lija ndimapukutira mbale,
lang'ambika pakona, komabe likugwira.

Dzulo, posaka chotsekera,
ndinapeza kabotolo kuseri kwa mpunga,
muli njere za tsabola
ndi kapepala ka dzanja lake lokhotakhota:
"Udzale mu Seputembala."

Ndatsuka chitini china.
Ndachiboola pansi ndi msomali,
mabowo atatu,
monga ankachitira mwiniwake.