Sipika ya Kumanzere

Ya kumanja ndinagulitsa mu Febuluwale
kwa mwini vidiyo wa pa Mpondasi.
Anaimanga ndi mphira pa kabaza ngati mbuzi ya ku msika,
osafunsa n'komwe kuti inaimbapo zotani.
Yatsala ya kumanzere,
ndiye nyimbo zanga masiku ano zimayenda chotsimphina.

Kachipinda kaja kuseri kwa babashopu ya Ajilu,
mathireyi a mazira ndinakhoma ndekha mpaka kudenga.
Mu Okutobala tinkatseka chitseko, fani n'kuzimitsa
kuti mphepo isalowe mu maiki,
thukuta likudonthera pa kiyibodi.
Ng'oma yanga inkagunda katatu pa sekondi,
besi yake n'kumanjenjemeretsa galasi tsidya lina la khoma
mpaka Ajilu kuphonya mzere wa ndevu za kasitomala,
n'kubwera kudzanditukwana, lumo lili m'manja,
phazi likuvina.

Anyamata ankabwera awiriawiri.
Akulu, tipangireni kaye, tikaphulika tidzakuonani.
Mmodzi anaphulikadi, Twaibu.
Dzina langa analitchula koyambirira kwenikweni kwa nyimbo,
pamalo pomwe muulutsi amakhala akulankhulabe.
Ali ku Lilongwe. Nambala yake ndikaimba
amayankha mayi uja wonena kuti siikupezeka.

Pa msika pali mnyamata wa kompyuta
amene amathira nyimbo m'mamemore khadi
ngati akuthira palafini m'botolo.
M'foda yake ya zovina muli zanga khumi ndi zinayi.
Nditamuuza kuti ndine ndinazipanga
anandigwira chanza ndi manja awiri,
nati inuyo ndikuikirani pa mtengo wotsika.

Za magetsi sindinena zambiri.
Ankazima ndisanasunge ntchito ya usiku wonse.
Mayunitsi ankatha, lendi osatha.
Batire ya laputopu inatupa ngati chitumbuwa.
Lukia sanakalipe ayi,
anangosiya pepala la fizi ya mwana pa kiyibodi,
n'kulitsamiza ndi sipuni kuti lisauluke.

Tinalipo asanu m'tauni muno.
Kasimu akuthira mafuta pa filing'i ku Joni,
amatumiza zithunzi atavala chijasi.
Jafali anachepetsa liwiro, akujambula kaswida za pa ukwati,
akuti kumeneko amalipira usanayatse n'komwe makina.
Wina anangoti zii.
Wina tinamuika chaka chatha
ndipo pa maliro pake sipanamveke nyimbo yake ngakhale imodzi.

Ine ndimapalasa kabaza, kuchokera pa mlatho kukafika ku chipatala.
Khutu limodzi limalira tiii usana wonse,
ndiyo penshoni imene ndinatuluka nayo.

Lachiwiri ndinanyamula mayi wina, namwino,
foni yake ikuimba m'chikwama.
Ndinaizindikira isanafike ndi pa mawu:
kaphokoso kaja ndinakapanga pomenya chitini cha mkaka ndi kiyi
usiku umene Lukia anali ku chikuta.
Anati, iyi ndi yakale koma inkavuta,
tinkavina mpaka nsapato kuduka.
Sindinayankhe.
Miyendo yokha inagwira liwiro la ng'omayo,
katatu pa sekondi, tcheni chikulira,
tinapitirira matola, tinapitirira njinga yamoto,
mayi uja akukuwa kuti pang'onopang'ono achimwene, ndili ndi ana.
Pa geti anandipatsa ndalama yoperewera,
akuti ndamuopseza.

Madzulo ndinafika mwana atakhala pansi,
kope lake lili pamwamba pa sipika ya kumanzere,
akulemba masamu.
Akuti ndi tebulo labwino, silipendama.
Loweruka kukubwera munthu wa ku Namwera kudzaiona,
akufuna yolengezera pa golosale.
Mtengo tagwirizana kale.
Chimene sindinapeze
ndi m'mene ndimuuzire mwanayu
kuti azikalembera pa bondo.