Phiko Lamanzere

Loweruka ku Mabvuku, magetsi atathima,
a Kalilombe akhala pa njerwa kuseri kwa nyumba,
tupa m'manja, akunola msomali wosulasula
mbali imodzi yokha.
Fumbi la simenti lawatuwitsa mapewa.

Nthenga ndagula ndine ku Mbare,
za nkhanga, zomanga ndi mphira.
Azitembenuza, aziuzira mpweya, andibwezera zitatu.
"Izi n'za phiko lamanja, mwanawe.
Chitsulochi ndachinolera kumanzere."

Ndati nthenga ndi nthenga basi.
Sanatsutse. Amata zomwezo pa bango,
andipatsa uta.

Muvi wanyamuka ukupota kumanja,
pofika pa thumba la utuchi
chitsulo chafuna kwake.
Wanjenjemera, wangolowa chala chimodzi,
mchira uli lende.

Wachiwiri, wa nthenga zamanzere,
wapyoza thumba ukupotabe,
wakagogoda lata la mpanda.
Mayi wa kuseriko watikalipira m'Chishona.

A Kalilombe aseka mpaka kutsokomola.
"Mutu ndi mchira zizigwirizana usanakoke nsinga."

Lolemba ndakwera kombi, zamanja zija m'thumba.
Wogulitsa wandiyang'ana nthawi yaitali.
Akuti nkhanga anaigula yososola kale.