Khoma la Ludomir ku Gdańsk

Jagoda anabwera ndi pulani m'chubu cha pulasitiki,
nayiyala pathabwa, n'kuipsinja ndi makapu awiri a khofi
kuti mphepo ya kudoko isaiulutse.
Nsanamira makumi anayi, zonse chilili ngati asilikali,
magalasi a ngodya zinayi, denga lathyathyathya.
Koma pakati penipeni mzere umodzi unakana kumvera:
unachoka pakhomo, nupinda msana,
nukathera kuseri kwa masitepe ngati wothawa ngongole.

Anyamata anaseka. Konkire sadziwa kuvina, anatero.
Ludomir sanaseke.
Zaka makumi atatu anapinda nthiti za sitima
pabwalo lomweli, zipata zisanatsekedwe,
makireni asanachite dzimbiri.
Anayendetsa chala chake choduka pamzerewo,
kupita, kubwera,
ngati wopapasa nkhope ya mnzake wakale.

Sabata zitatu anafukiza matabwa opyapyala ndi nthunzi.
Loyamba linathyoka, thyo!
Lachiwiri linabwerera n'kumumenya pachibwano.
Thabwa silikakamizidwa, anauza Jagoda,
umalinyengerera pang'onopang'ono
mpaka liiwale kuti linali mtengo wowongoka.
Mayiyo anayang'ana wotchi, nayang'ana bajeti,
nangoti duu.

Levulo sinama: kadontho kake kali pakati
kapena sikali pakati, basi.
Khoma lokhota lilibe mboni yotere.
Umaliyeza ndi diso, ndi phewa,
ndi mmene mapazi akukhotera okha ukamalitsata.

Tsiku lochotsa matabwa kunagwa chipale chofewa.
Khoma linatuluka lotuwa, lonyowa, lofunda pang'ono
ngati thole longobadwa kumene,
mitsempha ya matabwa itadindika pakhungu lake.
Nsanamira zija zinangoti njo, osacheuka,
koma mithunzi yake itagwera pakhomalo
inayamba kuwerama yokha.

Lero ndi laibulale.
Mabuku ali m'mashelefu owongoka, lililonse pa nambala yake.
Ana akalowa sadutsa pakati;
amatsata khoma, chikhatho chikukhula konkire,
mpaka kuseri kwa masitepe kumene kulibe kanthu
koma zenera limodzi
ndi mbalame zoyera zikukanganirana mutu wa nsomba.

Ludomir amabwera Lachinayi kudzawerenga nyuzipepala.
Pali malo ena, m'munsi cha kumanzere,
pamene khoma linatupa ndi chala chimodzi
usiku umene msomali unagonja.
Jagoda sanapaone mpaka lero.
Mkuluyo amakoka mpando,
n'kukhala moyang'ana pomwepo.